Nkhoko mu heat exchanger: kuidziwa kaye musanaitsuke

M'mafakitale a ku Isando, Wadeville, Alrode ndi Germiston, kuno ku Joni (dera la Johannesburg), mumapezeka abale athu ochokera kumudzi. Ena ndi ma fitter, ena amayang'anira boila, ena amagwira shifiti ya usiku pa makina a mkaka kapena zakumwa. Onsewa amakumana ndi chipangizo chimodzi, heat exchanger. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumvetsa: zamadzimadzi ziwiri, china chotentha china chozizira, zimayenda moyandikana koma mosasakanikirana, pakati pawo pali khoma lopyapyala la chitsulo, ndipo kutentha kumaoloka khomalo. Mitundu imene imapezeka kwambiri ndi iwiri. Wina uli ndi mtolo wa timapaipi mkati mwa chigubu chachitsulo, shell and tube. Wina ndi mapuleti opyapyala opanikizidwa pamodzi ndi mabawuti aataliatali.

Vuto limayamba pamene khoma lija lamera zinthu. Pachingerezi amati fouling. Ife tingoti nkhoko, chifukwa ndi zimene zimachitikanso pansi pa poto wa nsima: chimene chakhudza chitsulo chotentha chimakakamira, chikakakamira moto suvutikanso kufika pachitsulo koma umavutika kufika pa chakudya.

Anthu ambiri amadabwa kumva kuti nkhoko ya milimita imodzi yokha ikhoza kufooketsa makina aakulu. Manambala ndi awa. Chitsulo wamba chimadutsitsa kutentha pa mlingo wa pafupifupi 50 W/mK (nambalayi ikakula, kutentha kumadutsa mosavuta), stainless pafupifupi 16. Nkhoko ya laimu, zoyera zolimba zija zimene madzi amasiya m'ketulo, ili pafupi ndi 2. Ndere, zoterera zija zimene tizilombo timamanga m'madzi, zili pafupi ndi 0.6 chifukwa mbali yaikulu ndi madzi osayenda. Ndiye kuti milimita imodzi ya laimu imatchinga kutentha ngati chitsulo wamba chokhuthala mamilimita 25, ndipo ndere zopyapyala zimene mungazichotse ndi chala zimatchinga kuposa laimu wolimba ngati mwala.

Yesani kaye

Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti woyendetsa makina akanena kuti mafuta akutuluka otentha, akuluakulu amalamula kuti Loweruka chipangizocho chitsegulidwe chitsukidwe. Nthawi zina zimathandiza. Nthawi zina anthu amataya tsiku lonse, ma gasket atsopano ndi ndalama za kontrakitala, n'kupeza mapaipi oyera bwinobwino.

Kuti mudziwe zoona pamafunika manambala ochepa: kutentha kolowa ndi kotuluka mbali zonse ziwiri, kuchuluka kwa madzi odutsa, ndi kusiyana kwa puresha pakati pa polowera ndi potulukira. Zonsezi ziwerengedwe nthawi imodzi, makina atakhazikika, osati atangolizidwa kumene.

Tiyerekeze cooler, heat exchanger yoziziritsa mafuta, imene khoma lake ndi masikweya mita 20. Madzi ozizira akudutsa makiyubiki mita 50 pa ola, amene ndi makilogalamu 13.9 pa sekondi. Itangotsukidwa, madzi amalowa pa 26°C n'kutuluka pa 34°C, mafuta amalowa pa 70°C n'kutuluka pa 50°C. Kutentha kumene madzi anyamula ndi 13.9 kuchulukitsa ndi 4.18 (mphamvu yofunika kutenthetsa kilogalamu ya madzi ndi digiri imodzi, mu kJ) kuchulukitsa ndi 8 (madigiri amene madzi akwera), zimene zikupereka pafupifupi 465 kW. Kumapeto kumodzi mafuta ndi madzi akusiyana ndi madigiri 36, kumapeto kwina 24. Avereji imene timagwiritsa ntchito pano ndi LMTD, avereji ya kusiyana kwa kutentha pakati pa mbali ziwirizi: 36 kuchotsa 24, kugawa ndi ln (batani la pa calculator ya sayansi) ya 36/24, yankho 29.6. Tsopano gawani 465 000 ndi 20 kuchulukitsa 29.6. Mupeza 785. Nambala imeneyi ndi U, mphamvu ya chipangizocho yodutsitsa kutentha, mu W/m²K.

Patapita miyezi inayi, madzi akudutsa ochuluka chimodzimodzi, koma akutuluka pa 32°C ndipo mafuta pa 55°C. Kutentha konyamulidwa kwatsika kufika pa 348 kW, LMTD yakwera kufika pa 33.3, U yagwa kufika pa 523. Kuchuluka kwa nkhoko mumakupeza pochotsa 1/785 ku 1/523, ndipo yankho ndi pafupifupi 0.00064 m²K/W. Ngati ndi laimu, wakhuthala kupitirira pang'ono milimita imodzi. Yerekezani ndi matebulo a TEMA, bungwe la opanga zipangizozi ku America, amene pa madzi osamalidwa bwino a cooling tower, nsanja yoziziritsira madzi ndi mpweya, amasiya malo a 0.00018 basi. Chipangizo chathu chadutsa malirewo katatu ndi kupitirira. Ngati chanu madzi amazungulira kawiri kapena kanayi m'mapaipi, LMTD imafuna kukonzedwa pang'ono ndi nambala yotchedwa F, koma poyerekeza lero ndi dzulo pa makina omwewo kusiyanako sikusokoneza kwambiri.

Musanakhulupirire masamuwa, werengeraninso kutentha kuchokera kumbali ya mafuta. Mbali ziwirizi zikasiyana kupitirira 5 peresenti, wodwala ndi geji, osati chipangizo. Thermometer imodzi yonama ndi digiri imodzi, pa madzi amene akukwera madigiri 6 okha, yasokoneza kale yankho ndi gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi.

Palinso zinthu zina zimene zimavala nkhope ya nkhoko. Mpweya wotsekeredwa pamwamba pa shell umasiya timapaipi ta pamwamba touma. Steam trap, valavu yotulutsa madzi a nthunzi, ikafa chotseka, madzi a nthunzi amadzaza pansi pa heater, theka la mapaipi n'kumira. Gasket ya pa khoma logawa madzi mu channel head, mutu wa chipangizo mmene madzi amalowera m'mapaipi, ikang'ambika, madzi amadumpha kuchoka polowera kupita potulukira osadutsa m'mapaipi n'komwe. Chizindikiro cha vuto lomalizali n'chakuti U yagwa koma kusiyana kwa puresha nako kwagwa. Nkhoko sichita zimenezo.

Puresha imanena zambiri kwa woimvetsera. Tengani kapaipi ka 19.05 mm kunja, kamene mkati ndi 15.75 mm. Nkhoko ya milimita imodzi kuzungulira imasiya njira ya 13.75 mm. Madzi akakhala ochuluka mofanana, kusiyana kwa puresha kumakwera pafupifupi kawiri, chifukwa kumatsatira 15.75/13.75 yodzichulukitsa yokha kasanu. Choncho ngati U ikutsika pang'onopang'ono ndipo puresha ikukwera pang'onopang'ono, khoma likumera ponseponse. Ngati puresha yalumpha usiku umodzi U isanasinthe kwenikweni, china chake chatseka pakhomo: zidutswa za pulasitiki za mu tower, masamba, nsanza imene wina anaiiwala pokonza. Ngati U yagwa kwambiri koma puresha yangosuntha pang'ono, ganizirani ndere kapena mafuta opyapyala opaka khoma.

Mukajambula nambala ya nkhoko sabata ndi sabata, mzere wake umaphunzitsanso. Mu 1959 Kern ndi Seaton anafotokoza kuti nkhoko ndi mpikisano wa zinthu ziwiri, kukakamira ndi kukokoloka. Matope ofewa amakwera n'kufika poima, chifukwa njira ikachepa madzi amathamanga n'kumakokolola ochuluka ngati amene akukakamira. Laimu wolimba saima, amangokwera molunjika. Mzere ukafika poima pamalo amene fakitale ingapirire, mwina palibe chifukwa chotsukira.

Palani pang'ono, muone

Chipangizo chikatsegulidwa, musalole munthu kuthira madzi musanajambule zithunzi ndi kupala nkhoko kuchokera malo angapo: polowera, potulukira, pamwamba ndi pansi. Ikani m'timabotolo tosiyana. Malo amene nkhoko yachuluka ndi umboni. Ikachuluka kumapeto kotentha, ndi mchere wa m'madzi kapena chinthu chopserera. Ikachuluka pansi ndi m'makona kuseri kwa ma baffle, zotchinga zowongolera madzi mkati mwa chigubu, ndi matope amene adikha chifukwa madzi akuyenda mwaulesi.

Mayeso oyamba safuna labu. Donthezani asidi wosungunula pang'ono, ngakhale viniga. Ikachita thovu, ndi calcium carbonate, laimu yemwe uja wa m'ketulo ya madzi a pa mjigo. Ikakhala yoyera, yolimba, koma osachita thovu, ndi calcium sulphate kapena silica, ndipo pamenepo asidi wamba angokutayitsani nthawi. Yandikizani maginito: zakuda zomamatira ndi dzimbiri la mtundu wa magnetite, kutanthauza kuti chitsulo chikudyeka penapake, mwina kutali ndi chipangizocho. Zoterera zonunkha ngati chithaphwi ndi ndere. Zakuda zonunkha dzira lovunda ndi mabakiteriya amene amakhala kunsi kwa matope kopanda mpweya, ndipo awa amaboola paipi. Ku labu amaotcha chidutswa pa 550°C n'kuyeza kulemera kumene kwatayika, kuti adziwe gawo la zamoyo ndi mafuta. Nthawi zambiri nkhoko imakhala yosakaniza: ndere zimayamba, fumbi limamatira pa ndere, laimu n'kudzamanga pamwamba.

Chodabwitsa cha laimu n'chakuti amachita zosiyana ndi shuga. Shuga amasungunuka bwino m'madzi otentha. Calcium carbonate ndi calcium sulphate amasungunuka mochepa madzi akatentha, choncho amatuluka m'madzi pamalo otentha kwambiri, amene ndi khoma lenilenilo. Chofunika kuyang'ana si kutentha kwa madzi kokha koma kwa khoma. Pa madzi a tower, madzi otuluka asapitirire 45°C kapena 50°C, ndipo khoma likhale pansi pa 60°C.

Zimene Joni imawonjezera

Madzi a m'mipope kuno amachokera ku Rand Water, amene amatunga ku Vaal Dam. Koma chifukwa cha kuduka kwa madzi mafakitale ena anakumba zitsime zawo, ndipo kumwera kwa mzinda ndi ku West Rand pansi pali mwala wa dolomite, umene ndi calcium ndi magnesium. Madzi a m'mwala umenewu ndi olemera ndi laimu. Fakitale ikamasinthasintha pakati pa madzi a mumpope ndi a chitsime, koma mankhwala n'kumathira mlingo womwewo, nkhoko siichedwa. Tsiku lililonse losintha gwero la madzi lilembedwe m'buku, ndipo wosamalira madzi auzidwe.

Kenako fumbi. Cooling tower ndi chotsukira mpweya chachikulu: chilichonse chouluka chimathera m'beseni lake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kuno mvula siigwa, ndipo mphepo ya Ogasiti imanyamula fumbi la milu ya m'migodi yakale ya golide. Sefa ya pambali, imene imatenga pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya madzi ozungulira n'kuwadutsitsa mu mchenga, imachotsa mbali yaikulu ya vutoli. Pa chipangizo cha mapuleti, pamene mpata pakati pa mapuleti ndi mamilimita 2 mpaka 5 okha, strainer ya pakhomo ikhale ndi mabowo aang'ono kuposa mpatawo.

Koma cholakwa chachikulu kuposa zonse chimachitika m'nyengo yozizira, ndipo amachichita anthu osamala ntchito. M'mawa wa Juni madzi a tower amazizira kwambiri, chinthu chimene chikuziziritsidwa chimazizira mopyola, ndiye woyendetsa makina amatseka valavu ya madzi theka. Nambala ya pa sikirini imabwerera pamalo pake, aliyense n'kusangalala. Mkati mwa mapaipi mwachitika zinthu ziwiri zoipa nthawi imodzi. Liwiro la madzi, limene liyenera kukhala pakati pa mamita 1.5 ndi 2.5 pa sekondi, lagwa pansi pa mita imodzi, ndiye matope akudikha. Ndipo madzi ochepawo akutuluka otentha kwambiri, ndiye laimu akumanga. Nkhokoyo siioneka mu Juni chifukwa madzi ozizira amabisa kufooka kwa makina. Imadzaoneka mu Okutobala kukatentha, anthu n'kumaimba mlandu chilimwe. Njira yabwino ndi kusiya madzi ayende mokwanira nthawi zonse, n'kuwongolera kutentha ndi bypass, paipi yolambalala chipangizo, ya mbali ya mafuta, kapena kuchepetsa liwiro la fani ya pa tower kuti madzi asazizire mopyola. Liwiro lili ndi malire akenso: pa mapaipi a mkuwa wosakaniza, kupitirira mamita 2 pa sekondi, makamaka m'madzi a mchenga, kumayamba kudya chitsulo pakhomo la paipi.

Kuzima kwa magetsi nako kuli ndi gawo lake. Pampu ikaima mwadzidzidzi, madzi amaima m'mapaipi pamene mbali ina ikadali yotentha. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1 750, ndipo puresha ikatha madzi amawira pa 94°C, osati 100°C ngati ku Durban. Madzi akawira pakhoma amasiya mchere wawo wonse pompo. Pa heater ya nthunzi, valavu ya nthunzi ikhale yodzitseka yokha magetsi akapita. Poyambitsanso makina, mbali yozizira iyambe kuyenda, yotentha ibwere pambuyo. Pozimitsa, yotentha itsekedwe kaye.

Za tower yeniyeniyo, masamu ake ndi aafupi. Pa madigiri 6 aliwonse amene madzi azizira, pafupifupi 1 peresenti imauluka ngati nthunzi n'kusiya mchere m'madzi otsala. Tower yozunguza makiyubiki mita 200 pa ola n'kuwaziziritsa madigiri 6 imataya makiyubiki mita 2 pa ola. Kuti mchere usapitirire kanayi poyerekeza ndi madzi olowa, muyenera kutaya dala 2 kugawa ndi 3, pafupifupi 0.67 pa ola. Mukafuna kuumira madzi n'kulola mchere ufike kasanu ndi katatu, mutaya 0.29. Mwapulumutsa malita osakwana 400 pa ola, koma mchere wawirikiza kawiri. Malonda otere ndi oluza pokhapokha madzi anu ndi ofewa ndipo mankhwala ndi oyenera. Silica asapitirire pafupifupi 150 mg pa lita. Valavu yotayira madzi iziyendetsedwa ndi chipangizo choyeza conductivity, imene imasonyeza kuchuluka kwa mchere m'madzi, ndipo kachipangizo kake kazitsukidwa, chifukwa kakamera nkhoko kamawerenga mchere wochepa n'kusiya valavu yotseka. Mankhwala opha tizilombo asadumphidwe: madzi a pakati pa 20°C ndi 45°C ndi kwawo kwa Legionella, amene amayambitsa chibayo choopsa kwa opuma nkhungu ya tower.

Amene ali ku mkaka nkhani yawo ndi ina pang'ono. Puloteni ya mkaka yotchedwa beta-lactoglobulin imayamba kusintha ikadutsa 70°C n'kumamatira pa mapuleti, yofewa, yoyererako. Kupitirira 110°C nkhoko imakhala yolimba, yambiri yake calcium phosphate. Chimene chimathandiza ndi kusatenthetsa khoma mopyola: madzi otenthetsera angoposa mkaka ndi madigiri ochepa, ndipo mpweya uchotsedwe mu mkaka usanalowe, chifukwa pamene pakhala kathovu khoma limauma n'kupserera.

Kutsuka

Laimu amachoka ndi asidi, koma asidi wake asankhidwe potengera chitsulo. Sulphamic wa 5 mpaka 10 peresenti kapena citric wa 3 mpaka 5 peresenti, wofunda, wokhala ndi mankhwala oteteza chitsulo, amagwira bwino. Hydrochloric, amene ambiri amamudziwa ngati asidi wa pa swimming pool, asayandikire stainless. Ndi wotchipa, amadya laimu mofulumira, koma chloride wake amaboola timabowo pa puleti lokhuthala theka la milimita, ndipo pamwamba pa 60°C chloride amang'amba stainless ya mtundu wa 304 ndi 316. Mapuleti amaoneka owala tsiku lotsuka, n'kudzayamba kudontha patapita miyezi.

Pozunguza asidi, lowetsani pansi atulukire pamwamba kuti chipangizo chidzaze, ndipo siyani potulukira mpweya, chifukwa laimu akamasungunuka amatulutsa carbon dioxide wambiri. Yezani pH mphindi 15 kapena 30 zilizonse. Ikamakwera, asidi akudyabe, onjezerani. Ikakhazikika ndipo thovu latha, ntchito yatha, musasiye asidi agone m'makina usiku wonse poganiza kuti ayera kwambiri. Tsukuluzani mpaka pH ya madzi otuluka ifanane ndi ya olowa. Madzi a asidiwo asatayidwe mu dreni osawaziziritsa mphamvu ndi soda, popeza malamulo a mzinda pa madzi otayidwa ndi mafakitale salola. Asidi amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Ndipo ngati nkhoko inali yakuda yonunkha dzira lovunda, asidi adzatulutsa hydrogen sulphide, mpweya umene umapha munthu m'chipinda chotsekeka. Nkhoko yotere ichotsedwe kaye ndi madzi.

Mafuta, puloteni ndi ndere zimafuna caustic, soda wamphamvu wowotcha uja. Ku mkaka ndondomeko yodziwika ndi madzi, kenako caustic wa 1 mpaka 2 peresenti pa 70°C mpaka 80°C, madzi, nitric wa 0.5 mpaka 1 peresenti pa 60°C mpaka 70°C, madzi. Pampu yotsukira ithamangitse madzi kuposa mmene mkaka umayendera, chifukwa mankhwala amangofewetsa, chokokolola ndi liwiro. Pa nkhoko yosakaniza caustic ayambe, kuti asidi akapeze laimu ali poyera.

Silica, calcium sulphate ndi zopserera zolimba zimafuna mphamvu. Timapaipi towongoka timatsukidwa ndi maburashi kapena madzi a puresha ya mabar 700 mpaka 1 000 ndi kupitirira. Madzi otere amadula nsapato ndi phazi lomwe, ndiye ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa, malo atatchingidwa, makina atatsekedwa ndi loko. Kapaipi kalikonse katsukidwe ndi kuchongedwa. Timapaipi totsekeratu tikasiyidwa, madzi onse amathamangira m'totseguka. Mapuleti satsukidwa ndi burashi ya waya, ya nayiloni yokha. Musanamasule mabawuti, yezani utali wa mtolo wa mapuleti ndi kulemba mzere wopingasa ndi penti m'mbali mwake, kuti pobwezera puleti lililonse lipite pamalo pake ndipo mumange kufika pa muyeso umene wopanga analemba. Kumanga mopyola kumaphwanya ma gasket ndi kupinda mapuleti. Zipangizo zimene zili m'gulu la pressure vessel zimagwa pansi pa Pressure Equipment Regulations za 2009, choncho nthawi yotsegula ndi yabwino kuigwirizanitsa ndi kuyendera kwa woyesa wovomerezeka.

Chinthu china chimene tingatsutse ndi chizolowezi chowonjezera mapuleti kapena kugula chipangizo chachikulu kuti chizipirira nkhoko. Mapuleti akachuluka madzi omwewo amagawikana m'njira zambiri, liwiro limatsika, nkhoko n'kumera msanga kuposa kale. Malo owonjezera a 10 kapena 20 peresenti pa mapuleti ndi okwanira.

Tsiku lotsuka lisachokere pa kalendala yokha. Ikani mbali imodzi mtengo wa kutsuka, pamodzi ndi maola amene fakitale iima. Mbali ina ikani zimene nkhoko ikudya tsiku lililonse: malasha kapena gasi wowonjezera ku boila, magetsi a pampu ndi chiller, katundu amene sakupangidwa chifukwa makina achepetsedwa liwiro. Mu chitsanzo chathu chija, ngati chikanakhala chipangizo chobwezera kutentha ku madzi a boila, 117 kW yotayikayo ikanayenera kuchokera ku moto, maola 24 pa tsiku. Zotayika zikaunjikana kufika pafupi ndi mtengo wa kutsuka, nthawi yakwana. Makina akangolizidwa pambuyo potsuka, tsiku lomwelo kapena lotsatira, werenganinso manambala aja n'kupeza U. Ikabwerera pafupi ndi 785, lembani imeneyo ngati poyambira pa ulendo watsopano. Ikangofika 650, mbali ina ya khoma sinatsukidwe, ndipo kawirikawiri imakhala ya kunja kwa mapaipi, pakati pa mtolo pamene madzi a puresha sanafike.